Ziweto za Belita

A Wyson Longwe sankagwira chitseko. Akafika pakhomo ankaima n'kukhosomola kamodzi, ndipo munthu ankatulukira kwinakwake kudzatsegula. Dzanja lawo lamanja linali ndi ntchito kale: linkagwira kampango koyera kothira mafuta onunkhira, kamene tsiku lonse kankayenda ulendo umodzi, kuchoka m'thumba la jekete kupita pamphuno. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri m'mahotela a ku Joni, ndipo pobwerera kwawo ku Chintheche anabwera ndi masuti asanu ndi chiphunzitso chimodzi, chakuti bwana satola kanthu, bwana amaloza. Ngakhale kutchalitchi, buku la nyimbo ankawatsegulira ndi akazi awo, a Selina.

Loji yawo inali pamchenga: zipinda khumi ndi zinayi, holo, ndi kapinga wobiriwira ngakhale m'chilimwe. Alendo ankamuyamikira osadziwa chimene kapingayo ankamwa. Pamchenga wa kunyanja dzenje la chimbudzi silisunga chinsinsi, zimene wataya lero mawa usamba nazo. Choncho a zachilengedwe atawaletsa kukumba maenje ena, a Longwe anagula makina oyeretsera madzi a m'zimbudzi n'kuwabisa kuseri kwa mpanda wa bango, kumene iwo sanapondeko chiwaikireni.

Kuseriko kunkalamula Belita Mhone, mayi wa ku Usisya, wamfupi, wovala magambuti, wosadziwa kuzungulira polankhula. Ankayang'anira mathanki awiri. Zonse za m'zimbudzi, m'mabafa ndi kukhitchini zinkafikira m'menemo n'kukumana ndi matope ofiirira, odzaza tizilombo tosaoneka ndi maso. Belita ankatitcha ziweto zake. M'thanki imodzi makina ankapopamo mpweya osalekeza, madzi n'kumabwata ngati ali pamoto. Ziweto za m'menemo zinkadya ukali wa mkodzo, uja ophunzira amati amoniya, n'kuusandutsa mchere wonga wa m'feteleza. M'thanki inayo munalibe mpweya, mwadala. Ziweto za kumeneko, posowa chopuma, zinkaphwanya mcherewo mpaka naitrojeni yense n'kuuluka ngati mpweya wamba, osatsala woti akameretse ndere kunyanja. Pomaliza pampu inkakoka madzi opita kukapinga kudzera m'masefa, mapepala apulasitiki oimikidwa mothithikana m'thanki ya mpweya ija, okhala ndi timabowo tosadutsa ngakhale kachilombo. Mpweya wokwera kuchokera pansi ndi umene unkakwecha masefawo kuti asamatidwe ndi matope. Pampu inkakoka mphindi zisanu ndi zinayi n'kupuma imodzi, kuti zomata zigwe. Belita ankati ngakhale pampu ili ndi Sabata lake.

Nkhani inayamba kutatsala milungu isanu ndi itatu kuti Lusizi, mwana wamkazi yekhayo wa a Longwe, akwatiwe ndi mphunzitsi wa ku Zomba. A Longwe anali atalumbira pamaso pa mpingo wonse kuti madyerero adzakhala pa loji yawo, pakapinga wawo, kuti anthu a kum'mwera adzaone mmene Mtonga amalandirira alendo. Makolo a mnyamata anabwera kudzaona malo. Anagona, ndipo m'mawa mwake a Longwe anawayendetsa paliponse, akuloza ndi kampango.

"Kodi kuseri uku kuli chigayo, asewere?" anafunsa mayi a mnyamata atamva kulira kwa makina.

"Ndi timakina ta madzi chabe. Tiyeni kuno mukaone holo."

Koma mayiwo anali atakhota kale. Anapeza Belita atanyamula mabotolo awiri, akuwayang'ana padzuwa.

"Timuoneni, ama," anatero Belita. "Lofiirali ndi ziweto zanga. Loyerali ndi zimene munasiya inuyo dzulo mutangofika. Taonani mmene zayerera. Wosadziwa atha kuphikira tiyi."

Bambo a mnyamata anaseka mpaka kutsamira mpanda. Mayiwo anapenda botolo lija n'kunena kuti ndi zodabwitsa, pamalo potere n'kumangomveka kafungo ka dothi lonyowa basi. Anali kuyamikira. Koma m'makutu mwa a Longwe munalowa liwu limodzi lokha: kafungo.

Alendo atangonyamuka, Belita anaitanidwa ku ofesi. Anamuimika pakhomo chifukwa cha magambuti.

"Iwe Belita, chigayo chako chija chikhale chete mpaka ukwati udutse. Ndipo m'mathanki muja uthiremo klorini, chigubu chonse. Ndikufuna kuseri kuja kuzinunkhira ngati chipatala cholipira."

"Ada, mukazimitsa mpweya ziweto zibanika. Mukathira klorini zifa ndi poizoni. Mukufuna kuzipha kawiri?"

"Iwe klorini sumathira? Mlonda Kingsley amakuona."

"Ndimathira kapu imodzi m'ndowa ya madzi, pakapita miyezi, ndipo ndimathira m'kati mwa masefa, osati m'khola. Mchere umakoma m'ndiwo, ada, koma simungamwe supu wa thumba lonse."

"Tizilombo ta m'zonyansa ukuti khola? Ku Joni tizilombo timapha, sitiweta."

"Ku Joni munkatsuka pokhalira pokha," anatero Belita. "Kumene manyi amapita mukagwetsa madzi simunafikeko."

Pa Chintheche ponse panalibe munthu amene anayerekezapo kunena kuti a Longwe anagwirako burashi ku Joni, ngakhale aliyense ankadziwa kuti m'hotela munthu sayambira pa suti. Kampango kanafika pamphuno n'kukhala pomwepo. Masana kalata yochotsa Belita ntchito inali italembedwa, ndipo amene anakaipereka ndi Kingsley, mlonda wa imvi amene anawatsegulira a Longwe geti zaka khumi ndi chimodzi osafunsapo funso.

Belita anawerenga kalatayo ataimirira. Anavula magambuti n'kuwaimika pambali pa thanki, ngati mwini wake wangopita kukakodza.

"A Kingsley, mukuuona muvi wa geji uwu? Ukafika pofiira, ndiye kuti masefa atseka. Ukafika pamenepo musandiimbire."

Anakwera minibasi ya ku Nkhata Bay, kenako boti, wa kwawo ku Usisya.

Kingsley anazimitsa makina a mpweya, n'kukhuthula chigubu chonse. Masiku atatu oyamba a Longwe anayenda ngati munthu wopambana mlandu. Pa loji panali zii, munthu n'kumamva mafunde okha. Kuseri kwa mpanda kunkachokera fungo la chipatala ndithu.

"Mwaona, NyaManda?" anawauza akazi awo. "Zaka zinayi takhala tikudyetsa tizilombo ngati alendo olemekezeka."

"Ndaona, bambo a Lusizi," anayankha a Selina, osakweza mutu pa madiresi a operekeza mkwati amene ankasoka. "Maliro nawonso amayamba ndi bata."

Tsiku lachinayi klorini anatha mphamvu, ndipo zimene zinafa zinayamba kunena kuti zafa. Matope ofiirira aja anada bii. Pamwamba panayandama thovu lotuwa, ndipo fungo la mkodzo wogonera linadumpha mpanda n'kukakhala pansi m'chipinda chodyera. Ziweto zikamafa zimatulutsa zoterera ngati therere, ndipo popanda mpweya wokwecha, therere lonselo linakamata pamasefa. Kingsley anabwera kudzanena kuti muvi wasuntha, ndiponso kuti paipi ya kukapinga ikungodontha ngati mkodzo wa nkhalamba.

"Ndiye kuti klorini anachepa. Thira wina. Ndipo pampu ija imapumiranji? Ichite ntchito, pano si pa boma."

Kingsley anathira chigubu chachiwiri, n'kuitana wa magetsi wa pamsika kuti achotse kupuma kuja. Pampu inakoka osalekeza, ikubuula, n'kumatira therere lija zolimba ngati munthu wozira nyumba. Muvi unafika pofiira n'kupitirira. Madzi analeka kutuluka, koma alendo sanaleke kudya. Pa tsiku la khumi, mphunzitsi wamkulu wina amene anabwera ku msonkhano wochitikira pa lojipo analowa m'bafa la chipinda chachitatu, n'kuona zinthu zikutuluka pamene zimayenera kulowera. Anatuluka atavala thaulo, akuitana dzina la Mulungu m'zilankhulo ziwiri. Pofika madzulo msonkhano unali utasamukira kwina.

Thanki inasefukira. Kamtsinje kakuda kanadutsa pansi pa mpanda, kanawaula kapinga, n'kutsetsereka pamchenga mpaka pamene amayi a m'mudzi amachapira. Sabata isanathe miyala ya pamenepo inavala ndere zobiriwira, zoterera. Amayi anayi anabwera pageti, mmodzi atanyamula ndere m'beseni.

"Tabwera ndi ndiwo zanu, ada Longwe. Zamera ndi feteleza wanu, ndiye tati tisadye tokha."

A Longwe anatuma Kingsley kukawapepesa. Anaitanitsanso galimoto yopopa zimbudzi kuchokera ku Mzuzu. Inapopa n'kupita, ndipo patatha masiku atatu thanki inali yodzazanso, chifukwa masefa anali chitsekereni. Apa m'pamene anauza a Selina kuti awaimbire injiniya amene anaika makinawo, n'kuwagwirira foni pakhutu.

Injiniyayo anamvetsera mpaka pa chigubu chachiwiri, kenako anawadula mawu.

"Bambo Longwe, mwapha antchito anu onse tsiku limodzi. Makina aja ndi khola chabe, ntchito amagwira ndi tizilombo."

"Ndiye tumizani tizilombo tina. Timabwera m'mabotolo kapena m'matumba?"

"Mufunika matope amoyo, migolo ingapo, ochokera pamalo ena pamene makina otere akuyenda bwino. Masefa atulutsidwe, atsukidwe limodzilimodzi ndi manja, aviikidwe. Kenako muziwonjezera chakudya pang'onopang'ono, chifukwa tija todya amoniya timaswana mochedwa ngati njovu. Zonse zikayenda bwino, milungu itatu. Kuchepera apo ayi."

"Mubwera liti?"

"Ine ndili ku Nsanje mpaka mwezi wamawa. Koma mukundifuniranji? Belita tinamuphunzitsa ife, ndipo pano amatiposa. Amadziwanso kumene angapemphe matope. Ali kuti?"

A Longwe anakhosomola, a Selina n'kudula foni.

Kunatsala milungu isanu ndi masiku atatu. A Longwe anachita chimene ankadziwa: anatuma. Poyamba anauza Kingsley kuti aimbe foni. Foni ya ku Usisya imagwira munthu akakwera pachulu, ndiye zinatenga masiku awiri. Belita atayankha anafunsa za mwendo wa a Kingsley, za mitengo ya usipa, n'kunena kuti "Yewu, ada," n'kudula. Kenako analemba kalata yonena kuti kalata yoyamba ija yaiwalika, anaikulunga m'chitenje chatsopano n'kupatsira wa boti. Chitenje chinabwerera chili chipindireni, kalata ili m'kati yosatsegula. Pomaliza anapempha mkulu wa mpingo wina amene ankapita kumeneko kumaliro kuti akamukumbutse za kukhululuka. Mkulu wa mpingoyo anabwerako atanenepa ndi kondowole wa Belita, n'kukhala pakhonde chakumphepo, kumene fungo silinkafika kwambiri.

"Mayi uja alibe mkwiyo, a Longwe. Akulima chinangwa chake, akuseka. Wati ndikuuzeni mawu ake mmene alili, ndiye musandide ine. Wati kalata imatha kuchotsa munthu, koma ilibe miyendo yokamutenga. Wati amene anapha ziweto akabwera yekha kudzanena pakhomo pake kuti ndinapha ndine, adzanyamuka naye tsiku lomwelo. Watinso ndowa yoyamba ya matope atsopano mudzathire ndinu, ndi manja anu."

"Ine? Kwa wantchito?"

"Wati mukafunsa choncho ndikuuzeni kuti si wantchito wanu. Munamuchotsa."

A Longwe anati zimenezo zidzachitika nyanja ikadzauma. Anati apeza munthu wina, Malawi yense sangakhale ndi mfiti imodzi yokha ya zimbudzi. Anatuma anthu kukafunsa ku Mzuzu. Kunabwera pulambala wina amene anasuzumira m'thanki, anafunsa ngati mapepala apulasitikiwo angawachotse kuti madzi azidutsa bwino, ndipo ngakhale Kingsley anadziwa kuti ameneyo ndi wongomuperekeza kugeti.

Loweruka Lusizi anafika kuchokera ku Mzuzu kumene ankagwira ntchito, kudzayesa diresi. Anatsika minibasi akumwetulira. Pofika pakati pa kapinga wowauka uja kumwetulira kunali kutatha. Sanakhale pansi.

"Ada, kwatsala milungu inayi yokha, ndawerenga. Amama andiuza zimene ananena injiniya. Likafika Lachisanu Belita asanayambe ntchito, ndiwaimbira apongozi anga kuti madyerero tikachitire ku Zomba. Holo ya kutchalitchi kwawo ilipo."

"Mwana wa Longwe akadyere ukwati kwa eni? Ndinanena pamaso pa mpingo."

"Mpingo uli ndi mphuno, ada. Ine velo sindivala m'fungo ili."

Madzulo a tsikulo a Longwe sanadye. M'mawa mwake, atabwerako kutchalitchi kumene anthu anawapatsa moni mwachifundo ngati ofedwa, anawapeza a Selina pa makina osokera.

"NyaManda, inu ndi Belita mumamvana. Akazi okhaokha nkhani siivuta. Mutapita inu mawa..."

"Ine ndinapha chiyani?"

"Mukudziwa kuti ine ndi boti sitigwirizana. Ndipo ndi nyengo ya mwera ino."

Zinali zoona. A Longwe anabadwira pamchenga, bambo awo anali msodzi wotchuka, koma iwo ankachita nseru ngakhale poona bwato likugwedezeka padoko. Msewu wa m'mapiri wopita ku Usisya kagalimoto kawo konyezimira sikakanautha.

"Bambo a Lusizi," anatero a Selina, akudula ulusi ndi mano, "zaka makumi atatu ndakutsegulirani zitseko, mabuku, mabotolo, ngakhale nkhani zovuta ndi abale anu. Izi ndiye ayi. Ine ku Zomba ndikavina bwinobwino, ndilibe chimene ndinalumbira. Kingsley mwendo ukumupweteka. Mkulu wa mpingo anapita kale. Mwatsala ndinu. Mukasanza m'boti, nyanja yalandira kale zanu zambiri mwezi uno, sidzadabwa."

A Longwe anatuluka panja. Anaima pakati pa kapinga, pamene anakonza zodzaika tebulo la akwati, n'kuyang'ana mpanda wa bango. Kwa nthawi yoyamba chiikireni makina aja, anazungulira n'kulowa kuseri. Kampango sikanathandize kanthu. Anaona thanki yakuda, geji ndi muvi wake wogona pofiira, zigubu ziwiri zopanda kanthu. Pambali pa thanki magambuti a Belita anali chiimireni, akangaude atamangamo kale. Anayang'ana uku ndi uku kufuna womuloza. Kunalibe munthu. Anawerama, mawondo akulira, n'kuwatola okha.

Chikwama anachitsitsa okha pamwamba pa wadirobu, chachikopa chija anabwera nacho ku Joni. Anaikamo suti, kenako anaona kuti suti ndi magambuti sizikwana pamodzi. Suti inabwerera pa hang'ala. Anakulunga magambuti m'nyuzipepala, anaikamo malaya awiri, buluku lakale limene ankati lidzapatsidwa kwa wosauka, mandimu atatu a nseru, ndi chitenje chija chinakanidwa. A Selina ali kuchipinda china anawamva akuyeseza mawu chapansipansi. Poyamba ankati "Iwe Belita," kenako "Belita," kenako kunamveka "NyaMhone, ndinapha ndine," kawiri, ngati mwana wa sukulu ya Sande woloweza vesi.

Lolemba m'mawa, nthawi yoti boti la ku Usisya linyamuke ku Nkhata Bay isanakwane, a Longwe anafika pachitseko cha nyumba yawo, chikwama kudzanja lamanzere, kampango kudzanja lamanja. Anaima n'kukhosomola kamodzi. Makina osokera sanaleke kulira. Anakhosomolanso. Kugeti Kingsley anali atakhala pampando wake, akusisita mwendo, maso ali kumsewu.

A Longwe anayang'ana kampango kaja, anakapinda n'kukalowetsa m'thumba, ndipo dzanja linagwira chogwirira chitseko. Chinali chozizira, ndipo chinatseguka mosavuta.

Kutuma kuli ndi malire ake. Pali mavuto amene munthu umawaphika wekha, ndipo ngakhale utakhala ndi masuti asanu ndi mlonda womvera, palibe angakumvere kupotokola kwake. Akuluakulu anaziona kalekale, asanabwere mathanki ndi masefa: wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.